Mafizo a antchito: kampani izilipira kapena aliyense adziwonere yekha?

Make Tadala: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani yofuna maganizo anu, makamaka inu amene muli ndi anyamata onyamula katundu. Kuntchito kwathu ku Luwinga mu Mzuzu muno timagulitsa simenti, malata ndi matabwa, ndipo abwana andiuza kuti ndikonze ndondomeko ya zimene tiziwachitira antchito chaka chamawa pambali pa malipiro. Ine ndikufuna ndiikemo mafizo, chithandizo chija cha physiotherapy chowongola minofu ndi mfundo za thupi. Ndikatsegula buku la ojomba, matenda amene akubwerezabwereza si malungo ayi, ndi msana, chiuno, mapewa ndi mawondo. Munthu apita kuchipatala, ampatsa bulufeni, apuma, abwerera, mwezi usanathe wagweranso. Alipo amene anayesapo kulipirira antchito mafizo? Munayamba bwanji?

Bambo a Wongani: Mayi, ndiyankhule mosapsatira mawu. Ife a zigayo ndi mashedi a mbewu tikupuma movutikira kale. Penshoni tikuika 10 peresenti pa munthu aliyense, inshuwalansi ya moyo ija lamulo limafuna tikulipira, magetsi akathima tikugula dizilo. Ndiye tiwonjezerenso kulipira kosisita anthu misana? Chipatala cha boma chilipo ndipo n'chaulere. Amene msana wamuvuta apite kuchipatala cha Mzuzu Central.

Lusungu: Bambo a Wongani, mundilole ndifotokoze pang'ono poti ntchito imeneyi ndi imene ndimagwira. Kusisita ndi kachigawo kochepa, ndipo odwala ambiri sindiwasisita n'komwe. Munthu wa msana akalowa ndimayamba ndi mafunso: ululu unayamba liti, umatsikira kumwendo kapena ayi, umakula akakhala pansi kapena akaima, usiku akumagona bwanji. Kenako ndimamuuza awerame, apendekeke uku ndi uku, ayende ndi zidendene, ayendenso monyang'ama, agone chagada ndimukwezere mwendo uli wowongoka. Apo m'pamene ndimaona ngati vuto lili m'minofu, m'mfundo, kapena ngati mtsempha wapanikizika. Chithandizo chenicheni ndi masewera amene munthuyo amakachita yekha pamphasa kunyumba, m'mawa ndi madzulo, komanso kusintha kanyamulidwe ka katundu kuntchitoko.

Ndipo vutoli si la kuno kokha. Bungwe la WHO limati mu 2020 anthu okwana 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo ndi vuto limene lili patsogolo pa onse polepheretsa anthu kuchita zinthu zawo za tsiku ndi tsiku.

Bambo a Wongani: Chabwino achemwali, pa kusisitapo ndamva. Koma funso langa la ndalama likadali pomwepo.

Gomezgani: Ine ndiyankhe ngati munthu amene zinamuchitikira. Ndimayendetsa lole pamsewu wa ku Karonga mpaka ku Songwe. Mpando wa lole imene ndinali nayo unali utaphwa, masipuling'i atatha, ndimachita kuyala katoni ndi bulangete. Ululu unayamba m'chiuno, kenako unatsika kuseri kwa ntchafu yakumanzere mpaka kuphazi. Amene mumadziwa phiri la Chiweta mukudziwa mmene mwendo wa kilatchi umagwirira ntchito pamakona aja. Ndimafika m'munsi phazi litachita dzanzi, potsika m'galimoto ndimayamba ndagwira chitseko kaye. Ndinamwa indosidi wogula ndekha mpaka m'mimba munayamba kuotcha. Kumudzi ananditema mphini m'chiuno monsemu, zipsera zake zilipo mpaka lero.

Chimene chinandithandiza ndi chakuti abwana anga anandilola kupita ku mafizo m'mawa osandidula malipiro, n'kundiika kaye pa maulendo a m'tauni momwemuno. Kumeneko anandiphunzitsa kugona chafufumimba n'kudzikweza ndi zigongono, kugona chagada mawondo opinda n'kumakweza chiuno m'mwamba, ndi kupinda thaulo n'kuika kumsana poyendetsa. Anandiuzanso kuti paulendo wautali ndiziima n'kuyendayenda, osadikira kuti ululu uyambe. Sizinathe tsiku limodzi, zinatenga miyezi. Koma lero ndili pamsewu, ndipo mpando uja anasintha.

Make Tadala: A Gomezgani, ndiye kuti kampani sinatulutse ndalama ya chipatala?

Gomezgani: Ayi mayi, kunali kwa boma. Anandipatsa nthawi ndi ya thiransipoti basi. Koma nthawiyo ndi imene anzanga ambiri alibe. Munthu akadziwa kuti tsiku limene wapita kuchipatala amudula, amapita kamodzi, ulendo wachiwiri sabwererako.

Lusungu: Apa ndi pamene pagona nkhani. Mafizo si jakisoni woti ubaye kamodzi uzipita. Timafuna munthu abwerenso kuti tione ngati masewera aja akuchita molondola, tiwonjezere kapena tichepetse. Odwala amene amasowa pakati panjira ambiri si kuti achira, koma kuntchito awakaniza kapena ya kabaza yawathera. Munthu wa ku Mchengautuba kapena ku Masasa amene mwendo ukumupweteka sangayende wapansi mpaka ku Luwinga, ndipo kukhala kumbuyo kwa njinga ya sakaramento pamsewu wa mabampu msana uli choncho ndi chilango china.

Komanso kumbukirani kuti Central ndi chipatala chachikulu cha chigawo chonse cha kumpoto, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Mzimba ndi ku Likoma. Pabenchi la mafizo pamakhala a sitiroko, a ngozi za njinga zamoto, ana amene sanayambe kukhala kapena kuyenda, amene angowachotsa chikhakha. Ife a ntchitoyi ndife ochepa. Digiri ya mafizo m'dziko muno inangoyamba mu 2010 ku College of Medicine, imene tsopano ili mu yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS. Izi zisanachitike anthu ankakaphunzira kunja, ndipo ntchito yambiri inkagwiridwa ndi amene anaphunzira kusukulu ya ku Kachere ku Blantyre.

Kondwani: Ndilowepo kumbali ya masikimu poti ine ndi amene ndimasainira mabilu kwathu. Ngati antchito anu ali kale pa sikimu ya zachipatala, kaya ndi MASM, MedHealth kapena ina, musanakonze chilichonse chatsopano tengani pepala la zimene sikimuyo imalipira muliwerenge bwinobwino. Masikimu amakhala ndi magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi malire ake. Funsani ngati mafizo alimo pa gawo limene anthu anu ali, malire ake pachaka ndi otani, ngati pakufunika kalata ya dokotala kaye, komanso ndi zipatala ziti za mu Mzuzu muno zimene khadi limagwira ntchito ku mafizo. Funso lomalizali musalidumphe. Papepala zikhoza kulembedwa bwino koma malo ake ali ku Lilongwe.

Kwathu nditafufuza ndinapeza kuti a muofesi anali nacho kale chithandizochi osadziwa. Amene analibe ndi alonda, okolopa ndi a m'sitolo ya katundu, chifukwa pa sikimu sanalipo n'komwe.

Madala a ku Chibavi: Ana anga, ine ndapuma pantchito koma zaka zanga zambiri ndinathera mu komiti ya bungwe la apantchito, ndiye mundimvere. Zimene wanena Kondwanizi ndi zimene zimandiwawa. Amene amakhala pampando wofewa ndi amene ali ndi khadi la chipatala, amene amasenza thumba la makilogalamu 50 tsiku lonse alibe kanthu. Mukakonza ndondomeko yanuyo, mayi a Tadala, muyambire pansi.

Chachiwiri, tisasakanize mphatso ndi ngongole. Munthu akavulala pantchito, kumulipirira chithandizo si chifundo cha abwana. Lamulo la chipepeso cha ovulala pantchito, Workers' Compensation Act ya 2000, limaika udindo pa wolemba ntchito, ndipo ngozi imayenera kukanenedwa ku leba. Mnyamata akagwa pa lole akutsitsa malata n'kuthyoka mkono, nkhani siithera pa chikhakha. Akamuchotsa chikhakhacho mkono umakhala wowuma, wowonda, zala sizikufumbata. Kuti agwirenso fosholo pafunika mafizo. Ndaonapo anthu akulandira kandalama ka chipepeso mkono uli chipindikire, kenako n'kuchotsedwa ntchito kuti sakukwanitsa, pomwe akanawongoledwa msanga akanabwerera.

Ndipo Employment Act ya 2000 imati amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, akabweretsa kalata yakuchipatala. Bambo a Wongani, ndalama mukuopa kutulutsayo mukutulutsa kale. Mukulipira munthu ali chigonere kunyumba, mukulipiranso waganyu wogwira m'malo mwake.

Bambo a Wongani: Madala, mfundo ya tchuthiyo yandilowa. Koma ndinene nkhawa yanga ina. Msana suoneka. Malungo amayeza magazi, bala limaoneka ndi maso. Ndikangolengeza kuti amene msana ukumupweteka azipita ku mafizo nthawi ya ntchito, nyengo yogula chimanga ikafika shedi yonse idzadwala msana.

NyaBanda: Adada, anthu amene mwagwira nawo ntchito zaka zonsezi simukuwadziwa? Waulesi amadziwika ngakhale popanda msana. Ine amene amandidetsa nkhawa ndi uja amabisa ululu poopa kuchotsedwa, mpaka tsiku limene walephera kudzuka.

Lusungu: A NyaBanda anena zoona, obisa ndi ambiri kuposa onamizira. Komanso bambo a Wongani, cholinga chathu si kugoneka anthu kunyumba. Kwa ululu wamba wa msana, kugona masiku ambiri kumawonjezera vuto, minofu imafooka ndipo munthu amayamba kuopa kusuntha. Kalata imene ndimalemba nthawi zambiri siikuti apume, imati agwire ntchito koma kwa masabata akuti asanyamule zolemera, asawerame nthawi yaitali. Ndiye inu mumamuika pa sikelo, pa kusoka matumba, pa kulemba malisiti. Mumakhala naye pantchito, iyenso amachira msanga. Amene wangofuna tchuthi kalata yotere siimusangalatsa, ndiye sabweranso kachiwiri.

Ndipempheko chimodzi kwa mabwana nonse. Kalata ya zimene munthu angagwire ndi yanu, koma kabuku kake kakuchipatala si kanu. M'menemo mumakhala zinthu zina zimene sizikukhudzana ndi ntchito. Anthu akadziwa kuti akapita ku mafizo abwana awerenga kabuku konse, sapita.

Make Tadala: Ichi ndachilemba. Kwathu chizolowezi chinali chopempha kabukuko kuti tijambule tsamba.

Bambo a Wongani: Nanga ndikangowagulira malamba a m'chiuno aja amavala onyamula zitsulo? Ndimawaona m'mashopu m'tauni. Kugula kamodzi basi, nkhani yatha.

Lusungu: Musawononge ndalama zanu. Malangizo amene WHO inatulutsa mu December 2023 okhudza ululu wa msana wokhalitsa sakulimbikitsa malamba amenewo, ngakhalenso makina okoka msana kapena mankhwala amphamvu a gulu la mofini. Amene akulimbikitsidwa ndi masewera olimbitsa thupi, kumuphunzitsa wodwala za vuto lake, ndi zina monga kusisita ngati chothandizira. Lamba amamupatsa munthu mtima woti akhoza kunyamula zoposa mphamvu zake. Ndalama ya malambayo ipite ku ngolo yokankha.

Madala a ku Chibavi: Ngoloyo ndi imene ndimafuna titafikapo. Ndinaima tsiku lina pashedi ina kuonerera anyamata akutsitsa simenti. Mmodzi ali pamwamba pa lole, amakokera thumba m'mphepete n'kulisenzetsa mnzake ali pansi. Wapansiyo amalilandira pamutu khosi n'kulowa m'mapewa, amatembenuka miyendo ili pamodzimodzi, chiuno chokha n'chimene chikupotokola, n'kuthamanga nalo pa thabwa limodzi lonyowa ndi mvula yowaza ya kunoyi, wavala patapata. Kufika m'kati amaliponya pamulu wofika pachifuwa. Lole yonse kutha choncho, osapuma, chifukwa amalipidwa pa thumba ndipo dalaivala akuwomba hutala kuti achedwa. Mnyamata ameneyu mungamutumize ku mafizo kangati? Akachira abwerera pa thabwa lomwelo.

Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito, Occupational Safety, Health and Welfare Act, limafuna kuti wolemba ntchito aonetsetse kuti malo ndi kagwiridwe ka ntchito n'kosavulaza anthu. Ndiye mafizo bwino, ine ndikugwirizana nazo, koma zisakhale zophimba thabwa lija.

Make Tadala: Madala mwakhudza pamene pakundivuta. Amene amatsitsa malole kwathu ambiri si antchito athu. Ndi aganyu, amabwera m'mawa pageti akamva kuti lole yafika. Pa peyi rolo palibe mayina awo. Abwana ndikawauza za iwowa adzati si athu.

Kondwani: Pa sikimu sangalowe, zimenezo n'zoona, sikimu imafuna dzina ndi ndalama mwezi ndi mwezi. Koma mukhoza kuchita mgwirizano ndi munthu wa mafizo wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi kuti azibwera kuntchito kwanu pa masiku amene mwagwirizana, mukumulipira pa tsiku osati pa munthu. Akabwera amaona aliyense amene ali pamalopo, waganyu ndi wolembedwa chimodzimodzi. Ife a m'dera limodzi tikhoza kusonkherana, makampani atatu kapena anayi oyandikana, tsiku limodzi azungulire onse.

Madala a ku Chibavi: Ndipo mawu oti si athuwo abwana anu asawadalire kwambiri. Munthu amene amatsitsa katundu wanu sabata ndi sabata chaka chonse, akavulala pageti panu, nkhani ikafika ku leba sizikhala zophweka kumukana. Kafunseni komweko akuuzeni bwino lisanagwe tsoka.

NyaBanda: Nanga ife ang'onoang'ono? Ine ndili ndi atsikana osoka kushopu yanga kufupi ndi msika wa Taifa. Sikimu sindingaikwanitse ngakhale ya ine ndemwe. Koma nyengo ya mayunifolomu sukulu zikamatsegulira onse amadandaula khosi ndi pakati pa mapewa, wina zala zimachita dzanzi usiku. Nyengo yozizira ya June ndi July zimanyanya.

Lusungu: Amama, zanuzo zambiri zimatha ndi zinthu zosalira ndalama zambiri. Onani mipando. Ngati akukhala pa tiziputu topanda chotsamira, apezereni mipando yokhala ndi chotsamira, ndipo kutalika kwake kukhale koti zigongono zikhale molingana ndi tebulo la makina, mapewa asakwere m'mwamba. Wamfupi mumuikire kathabwa kopondapo phazi limene silikupalasa. Onaninso kuwala. Atelala ambiri amawerama osati chifukwa cha mpando, koma chifukwa sakuiona bwino singano, ndiye babu likhale pafupi ndi makina. Ndipo musamawaunjikire nsalu pambali kuti asadzuke. Aziimirira okha kukatenga, kukasita, kukadula, ntchito zizisinthana. Wa dzanzi la zala usikuyo yekha apite akaonedwe, mwina mtsempha wa pamkono wapanikizika, ndipo zimenezo zikachedwa mphamvu ya chala chachikulu imatha.

NyaBanda: Yewo chomene. Za babu sindinaziganizeko, shopu yathu ndi yamdima ndithu.

Gomezgani: Achemwali a Lusungu, muwauzenso za zizindikiro zija munati munthu asadikire nazo. Mnzanga wina tinkangomuuza kuti ndi msana wa madalaivala, pomwe chinali china.

Lusungu: Zikomo pondikumbutsa, n'zofunika kwambiri kwa amene mudzakhale mukupereka chilolezo. Si msana uliwonse umene uli wa mafizo. Munthu amene msana ukumupweteka ndipo akuwonda, akutentha thupi, akutuluka thukuta usiku, kapena pamsana patuluka kalinunda, apite kwa dokotala akayezedwe chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo kuno timaiona. Amene wayamba kulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi, kapena mkodzo sukutuluka, wachita dzanzi pakati pa ntchafu, miyendo ikufooka, ameneyo ndi wa tsiku lomwelo, osati mawa. Chimodzimodzi amene wagwa kuchokera pamwamba. Mabulufeni ndi maindosidi omwa miyezi osaonana ndi dokotala amawononga m'mimba ndi impso, makamaka kwa amene ali kale ndi BP.

Make Tadala: Mwatchula BP mwandikumbutsa mlonda wathu wakale. Anagwa ndi sitiroko ali pantchito usiku, mbali yakumanja inafa. Kampani inathandiza masiku amene anali kuchipatala, atatuluka tinangomuperekeza kwawo ku Ekwendeni. Nditapita kukamuona patapita nthawi ndinamupeza ali pamkeka, mkono utapindikira pachifuwa, zala zitafumbata moti akazi awo ankavutika kusambitsa m'kati mwa dzanja. Mutu unali bwinobwino, ankandifunsa za anzake onse mayina. Nkhani imeneyi ndi imene yandipangitsa kuti ndisaisiye ndondomekoyi.

Lusungu: Pepani mayi. Pa sitiroko miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira ndi imene thupi limabwezeretsa zambiri, ndipo ndi nthawi yomweyo imene mabanja ambiri amakhala alibe ya thiransipoti chifukwa wopeza ndalama ndi amene wagonayo. Kampani ikati ithandize, ithandize pamenepo: galimoto yomutengera ku mafizo, ndi kulola womusamalira aphunzitsidwe kumutembenuza, kumuwongola mkono, kumukhazika ndi kumuimiritsa. Ngakhale panopa sikunathe, akhoza kuthandizidwabe kuti mfundo zisaumiretu. Ku Rumphi kuli a MAP amene amathandiza anthu olumala, ndipo ku Central kuli malo opanga miyendo yoikirira ndi zothandizira kuyenda amene anayambitsidwa ndi bungwe la 500 Miles. Ku Kachere amagoneka odwala otere koma kwa ife a kumpoto Blantyre ndi kutali.

Ndipo makina oyezera BP akhale nawo muofesi mwanu. Alonda amagona masana, nthawi imene zipatala zimayeza, ndiye ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nayo.

Bambo a Wongani: Ine za sikimu sindilonjeza, ndalama yake ndilibe. Koma za kusonkherana zimene wanena Kondwanizi mundiwerengere, bola tidziwe kuti tsiku limodzi ndi zingati tisanayambe. Ngolo ndiyang'ana kwa owotcherera, matayala a wilibala akhoza kugwira. Chimene sindinagwirizane nachobe ndi cha aganyu. Kwanga nyengo yokolola amabwera anthu osiyanasiyana tsiku ndi tsiku, ena sindidzawaonanso. Amenewo ndiwawerengera bwanji?

Madala a ku Chibavi: Yambani ndi kuwalemba mayina m'buku tsiku limene agwira. Pakutha pa nyengo mudzaona nokha kuti nkhope zambiri ndi zomwezomwezo.

Kondwani: Ndiye tili atatu, mayi a Tadala, bambo a Wongani ndi ife. A NyaBanda, atsikana anu akhoza kumabwera pa tsiku lomwelo, za chopereka chanu tidzakambirana malinga ndi kuchepa kwa anthu anu. Alipo wina wa ku Luwinga kapena ku Katoto anditumizire uthenga kuseri ndipange kagulu kapadera.

Lusungu: Ine pa masiku a ntchito sindingachoke kumene ndimagwira, koma ndikulumikizani ndi anzanga amene ali ndi ziphaso zogwira paokha, mukambirane nawo mtengo. Pempho langa ndi lakuti tsiku loyamba lisakhale la msonkhano m'chipinda anthu atakhala pamipando. Muwaitane tsiku limene lole ikubwera, aime pambali aone mmene katundu akutsikira, kutalika kwa mulu, pamene anthu akuponda. Ndipo anyamatawo muwauziretu kuti tsiku limenelo salipidwa pa thumba, apo ayi palibe amene aime kuti amvetsere.

Make Tadala: Ya simenti imafika Lachiwiri m'mamawa. Za malipiro a tsikulo ndikambirana ndi abwana mawa, ndidzakuuzani zimene ayankhe.